Mkulu wa ku Likangala ndi Mita Yake

Mtsinje wa Likangala umatumphuka m'phiri la Zomba, nudutsa m'mphepete mwa mzinda, nutsetsereka kunka ku nyanja ya Chilwa. Dera lina la mzindawo linatenga dzina la mtsinjewu, ndipo kumeneko kumakhala mkulu wina amene anagwira ntchito ya matelefoni kuyambira unyamata wake kufikira imvi zitamera. Anansi ake amamdziwa chifukwa cha tebulo limene limakhala pakhonde pake, lodzala ndi timawaya, timisomali ndi zitini za tizitsulo. Ambiri amayesa kuti amakonza mawayilesi. Wayilesi amaidziwadi, koma chimene mtima wake umakonda ndicho kuukitsa zida zakale zimene amisiri ankayezera magetsi. Sapezapo ndalama. Mkazi wake amati ntchitoyo ndi mbuzi yosabereka, yongomaliza msipu. Komabe sanamletsepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Magetsi saoneka ndi maso. Mmisiri wa matabwa amaliona thabwa lake, nalikhudza, nadziwa pamene lakhota. Koma mmisiri wa magetsi ayenera kufunsa chida, ndipo chimene chidacho chamuuza ndicho chimene amakhulupirira. Aliyense amene anaimapo pa mlatho wa Likangala m'nyengo ya dzinja angathe kumva msanga zinthu zitatu zimene mmisiriyo amafunsa. Pali ukali umene madzi amakankhidwa nawo potsika phiri, ndipo m'magetsi ukali wotere umawerengedwa m'mavolt. Pali kuchuluka kwa madzi amene akudutsa pansi pa mlatho. M'magetsi amenewo ndiwo maamp. Tsono pali miyala ndi kupapatiza kwa khwawa, zimene zimachedwetsa madzi, ndipo kutchinga kotere kumawerengedwa m'maohm. Maina atatuwa anachokera kwa anthu. Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba m'chaka cha 1800. André-Marie Ampère anali wa ku France. Ndipo Georg Ohm wa ku Germany analemba m'chaka cha 1827 lamulo limene limamanga zinthu zitatuzi pamodzi.

Kale chinthu chilichonse mwa zitatuzi chinali ndi chida chakechake, kotero kuti mmisiri popita kuntchito ankasenza katundu ngati munthu wosamuka. Mmisiri wina wa positi ku Britain, dzina lake Donald Macadie, anatopa nako kusenzako, nalingalira zoika zida zonse zitatu m'bokosi limodzi. Bokosilo linayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1923, ndipo analitcha AVO, potenga chilembo choyamba cha amp, cha volt ndi cha ohm. Mtundu wake umene unatchuka koposa, wotchedwa Model 8, unatuluka m'chaka cha 1951. Ndi mita yakuda, yolemera ngati makilogalamu atatu, yokhala ndi zenera la galasi mmene muli muvi woyenda pa mizere ya manambala, ndi mabatani awiri akuluakulu opotokola. Inafika kulikonse kumene kunali matelefoni, mawayilesi ndi masukulu a umisiri m'maiko amene Britain ankalamulira. Fakitale yake, imene inasamukira ku Dover, inaleka kuipanga m'chaka cha 2008.

Mkulu wa ku Likangala anayamba kukonda magetsi ali mwana wamng'ono. Mphunzitsi wa m'mudzi mwawo anali ndi wayilesi ija yobiriwira ngati thambo imene kampani ya Ever Ready inatulutsa m'chaka cha 1949. Azungu anaitcha Saucepan Special pakuti chikopa chake chinali ngati sefuliya, ndipo inkagulidwa mapaundi asanu. Madzulo anthu ankasonkhana kumva Lusaka akulankhula Chinyanja, ndi Alick Nkhata akuyimba. Ana ena ankamvera nyimbo, koma mwanayu ankazungulira kumbuyo kwa wayilesi kufuna kuona kumene mawu akulowera. M'chaka cha 1965, pamene Zomba inali idakali likulu la dziko, analembedwa ntchito ya matelefoni, ndipo ndi kumeneko kumene anagwira AVO nthawi yoyamba.

Sabata yachiwiri yokha analakwa kulakwa kumene sanakuiwale. Anasiya batani pa malo oyezera maohm, nagunditsa nthambo pa waya wamoyo. Muvi unathamanga nukamenya kumalire, ndipo kunamveka kuti thapu! Mtima wake unaima, pakuti mtengo wa mitayo unaposa malipiro ake a miyezi ingapo. Koma opanga anaikamo kamsampha: muvi ukamenya kumalire mwamphamvu, kabatani kena kamadumpha, nikadula njira ya magetsi. Kapitawo anabwera, nayang'ana, nakanikiza kabataniko ndi chala, ndipo mita inakhalanso bwino. Sanamkalipire. Anangoti, "Msampha uwu wakupulumutsa lero, mwanawe. Sugwira masiku onse." Kuyambira pamenepo mnyamatayo sanagunditsenso nthambo asanayang'ane batani kawiri.

Zaka zinapita, napuma ntchito, ndipo mita za muvi zinalowedwa m'malo ndi zija zing'onozing'ono zachikasu zolemba manambala pagalasi. Tsono tsiku lina m'chaka cha 2022 anapita ku msika wa Zomba kukafuna loko wa chitseko. Kumbali kumene amagulitsa zitsulo zakale, pakati pa maunyolo a njinga ndi mahinjesi adzimbiri, anaona ngodya ya bokosi lakuda. Analizindikira ngati mmene munthu amazindikirira mbale wake ndi kayendedwe, nkhope asanaione.

"Ichi ndi chiyani, achimwene?" anafunsa motero, akudziwa bwino lomwe.

"Kaya, madala. Mwina wotchi ya m'sitima. Mkati muli kopa, ndiye ndimati ndiphwanye."

Anatsutsana mtengo kanthawi, ndipo anagwirizana ndalama zokwana kugula nkhuku imodzi. Loko sanagule tsiku limenelo. Atafika kunyumba mkazi wake anayang'ana bokosilo, nayang'ana chitseko, nati, "Abambo, kodi akuba tiziwaopseza ndi chimenecho?"

Kunja mitayo inali yabwino ndithu. Ataipukuta ndi kansalu konyowa inayamba kung'anima, ndipo zilembo zake zoyera zinaonekanso. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zomba ndi dziko la mvula yambiri. Nkhungu imatsika m'phiri nilowa m'nyumba, ndipo chitsulo chilichonse chosiyidwa osasamalidwa chimadwala. Atatsekula kachipinda ka mabatire anapeza kuti mwini wake wakale anaiwalamo mwala wa tochi. Mwalawo unaphulika kalekale, ndipo madzi ake anadya tizitsulo tamkuwa, natisandutsa tobiriwira ngati ndere. M'ngodya munali mazira a mphemvu. Anatsuka zonsezo ndi madzi a mandimu ndi mswachi wakale, natsukuluza ndi madzi oyera, naumika padzuwa masiku awiri. Kachitsulo kamodzi kanali katadyeka kotheratu, ndipo anasema kena kuchokera ku mkuwa wa swichi yakufa.

Imeneyo inali ntchito yopepuka. Yovuta inali ya muvi, umene unkati ukayenda kufika pakati, nukakamira pomwepo, osapitirira kapena kubwerera kufikira munthu atagogoda galasi.

Mtima wa mita yotere ndi kankhata ka waya wopyapyala koposa tsitsi la munthu. Kankhatako kamakhala pakati pa milomo iwiri ya maginito, ndipo kamazungulira pa timisomali tiwiri tosongoka, timene nsonga zake zimakhala m'timiyala tolimba ngati ta m'wotchi. Magetsi akalowa m'kankhatako, maginito amakakankha, ndipo muvi, umene unamangiriridwa pamenepo, umayenda. Pali timasipuling'i tiwiri topota ngati chigoba cha nkhono, timene timabweza muvi pa ziro magetsi akachoka. Mphamvu yofunika kuti muvi uyende kuchokera kuchiyambi kufika kumalire ndi yochepa modabwitsa: mutagawa amp imodzi m'tigawo miliyoni, tigawo 37 ndi theka tikwanira. Chinthu chomva msanga chotero chimaimitsidwanso ndi kanthu kakang'ono. Maginito amakoka fumbi la chitsulo, ndipo kachidutswa kamodzi kosaoneka bwino ndi maso kakalowa mumpata mmene kankhata kamayenda, muvi umakakamira.

Mkuluyu anadziwa kuti asalowetsemo singano kapena chitsulo china chilichonse, pakuti maginito akanachikwatula m'dzanja lake nachimenyetsa pa kankhata. Waya wa kankhatako ukaduka, palibe mmisiri m'Malawi muno amene angaukulungenso, ndipo fakitale yake sipanganso zotere. Anadula tsono kapepala kowonda ngati tsamba la udzu, nakalowetsa mumpatamo pang'onopang'ono, nakatulutsa. Koma maso ake anali atafooka, ndipo dzanja linkanjenjemera. Kawiri konse anaima, naika kapepalako pansi, napita kukakhala pansi pa mtengo wa mango, poopa kuti angawononge m'kamphindi chinthu chimene chinapirira zaka zochuluka chotero.

Loweruka kunabwera mdzukulu wake, mnyamata amene amakonza mafoni pa kabenchi m'tauni. Iyeyo ali ndi maso akuthwa ndi zala zozolowera tinthu ting'onoting'ono, koma ali ndi liwiro la anyamata a masiku ano, amene kasitomala amawaimirira pamutu.

"Agogo, tangouzirani mpweya, fumbilo lichoka."

"Ukauzira upinda sipuling'i, ndipo malovu ako adzabala dzimbiri. Khala pansi. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Mnyamatayo anakhala pansi. Agogo ake anagwira tochi, iye nalowetsa kapepala. Ulendo wachisanu kapepalako kanatuluka ndi kadontho kakuda kunsonga, kochepa ngati njere ya fodya. Anapendeketsa mita pang'ono, ndipo muvi unayenda mofewa kunka kumalire, nubwerera wokha, nuima pa ziro. Mkuluyu sanalankhule kanthu, koma anaitana mkazi wake kuti adzaone. Mayiyo anabwera ndi chipande m'manja, nayang'ana, nati, "Inde, ukuyenda," nabwerera kukaomola nsima.

Tsiku lomwelo mnyamatayo anaphunzira zinthu ziwiri zimene mita yake yachikasu sikanamphunzitsa. Atapukuta galasi ndi malaya ake, muvi unanyamuka wokha nuima pamwamba pa ziro, nthambo zisanagunde kanthu. Iye anadabwa, nayesa kuti aononga. Koma agogo ake anapumira pagalasipo mpweya wofunda wa m'kamwa, ndipo muvi unatsika. Kupukuta galasi louma kumabala timagetsi tija timene timachititsa chipeso kunyamula tizidutswa ta pepala, ndipo chinyontho cha mpweya chimatichotsa. Chachiwiri chinali kagalasi koonera nkhope kamene kanaikidwa motsata mizere ya manambala. Si kokongoletsa ayi. Munthu akayang'ana muvi chammbali amawerenga nambala yolakwa. Ayenera kusuntha mutu kufikira muvi utaphimba chithunzi chake m'kagalasimo, ndipo pamenepo diso lili pamalo pake. Mita iyeneranso kugona chagada patebulo poiwerenga, pakuti ndimo mmene opanga anailinganizira.

Panatsala mabatire. Poyeza maohm, Model 8 imafuna mwala umodzi wa tochi ndi batire lina laling'ono la mavolt 15, limene silipezeka m'masitolo a ku Zomba. Apa mnyamata ndiye anathandiza. Anagula timabatire tisanu tophwatalala ngati ndalama zachitsulo, ta mavolt atatu kalikonse, natisanjikiza m'kapaipi ka pulasitiki: katatu kasanu ndi 15. Kenaka anapeza kuti mita ikuyankha pa malo a mavolt 2.5, pa 10 ndi pa 25, koma kuyambira pa 100 kunka m'tsogolo inali chete. Mkuluyu anamva msanga chimene chinachitika. M'kati muli tizipangizo totchinga magetsi, totchedwa maresistor, tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Mkanda umodzi ukaduka, yonse ya kutsogolo kwake imagwa. Pagalasi la mita panalembedwa kuti volt iliyonse imafuna maohm 20,000. Kuchokera pa 25 kufika pa 100 pali mavolt 75, ndipo 75 kuchulukitsa ndi 20,000 ndi 1,500,000. Anawerengera zimenezi kuseri kwa kalendala. Resistor ya nambala imeneyo analibe, koma m'zitini zake, mmene amasungamo zotsala za mawayilesi ndi mawayilesi akanema akufa, anapeza ya 1,000,000, ya 470,000 ndi ya 33,000. Anazilumikiza ndi mtovu motsatizana, ndipo pamodzi zinaposa nambala yofunikayo pang'ono pokha. Malo onse anadzuka.

Apa munthu wongofuna chokongoletsa m'nyumba akanalekera pomwepo. Muvi unkayenda, bokosi linkang'anima, ndipo alendo akanachita nayo chidwi. Koma kuyenda kwa muvi sikutanthauza kuti ukunena zoona, monganso munthu wolankhula kwambiri sakhala mboni yabwino pa chifukwa chimenecho. Panafunika kuiyesa mitayo.

Padenga la nyumbayo pali sola yaing'ono, ndipo batire lake limakhala m'chipinda chochezera. Madzulo dzuwa litalowa analimasula, naligunditsa nthambo za AVO. Muvi unakwera nuima pa 12.5. Mnyamata anatulutsa mita yake yachikasu m'thumba, nagunditsa pomwepo. Pagalasi panalembedwa 14.1.

Anabwereza katatu, ndipo katatu konse zida ziwirizo zinatsutsana chimodzimodzi.

"Yanuyi yakalamba, agogo," anatero mnyamata, mosafuna kuwapweteka mtima. "Maginito ake afooka."

Mawuwo sanali opusa. Maginito akale amafookadi nthawi zina, ndipo akatero muvi umaperewera. Mkuluyu anavomera. Mita yachikasu inali ya chaka chomwecho, yolemba manambala oonekera poyera, osafuna kusuntha mutu kapena kupumira pagalasi. Yake inali yotoledwa pa mulu wa zitsulo. Ndani akanakhulupirira nkhalamba pamaso pa mwana wophunzira? Anadziwanso mankhwala ake. M'kati mwa mita muli kachingwe ka waya kokulungidwa pa kabobini, kamene anthu a kufakitale anakayeza ndi kukadula molinganiza mita imeneyo yokha. Atasintha utali wa wayayo, muvi ukanakwera kufika pamene iye akufuna. Koma waya wodulidwa sabwerera. Anaika chitsulo chowotcherera pambali, nati adzachita m'mawa kukayera.

Usiku umenewo sanagone bwino, ndipo mkazi wake anamva kutembenukatembenuka kwake.

"Kodi ndi bokosi lija?"

"Likunama, mayi. Likuperewera. Mawa ndilikonza kuti lifanane ndi la mwanayu."

Mayiyo anakhala chete pang'ono. Iye ndi mlimi wa nandolo, ndipo chaka ndi chaka amakangana ndi ogula amene amamangirira sikelo zawo pa nthambi za mitengo m'mbali mwa msewu.

"Chaka chatha," anatero, "mnyamata uja anabwera ndi sikelo yatsopano yowala, ya manambala. Thumba langa limene ndinalidziwa bwino linapepuka pa sikelo imeneyo. Ndinapita nalo pa sikelo yachitatu. Inu mwafunsa awiri okha. Mwadziwa bwanji wonama?"

Kutacha mkuluyu sanayatse chitsulo chowotcherera. Anatuma mwana ku golosale kukagula mwala wa tochi watsopano, wosatsekula. Mwala wotere ndi mboni yodziwika: mankhwala a m'kati mwake amapereka volt imodzi ndi theka, kapena kuposerapo pang'ono pokha ukakhala watsopano, ndipo sungathe kupitirira apo kwambiri ngakhale utafuna. Anapotokola batani kufika pa 2.5, nagunditsa nthambo, nasuntha mutu kufikira muvi utaphimba chithunzi chake. Unaima pakati pa 1.5 ndi 1.6. Mdzukulu atabwera anagunditsa yake, ndipo inalemba 1.75.

"Unaonapo mwala wa tochi wa 1.75?" anafunsa mkuluyu.

Mnyamatayo anayang'anitsitsa galasi la mita yake. M'ngodya munali kachizindikiro kakang'ono ka batire, kamene kanakhala kakuoneka kwa masabata angapo, iye osakasamala pakuti manambala ankaonekabe bwino. Anathamanga kukagula batire la mavolt 9, naliika. Mwala wa tochi unatsika kufika pa 1.56. Batire la sola linalemba 12.6, pamene muvi wa nkhalamba unali pa 12.5, kusiyana kochepa kumene opanga zida zonse ziwiri amakulola.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mita ya manambala imayeza poyerekeza magetsi akunja ndi muyezo wina umene imasunga m'kati mwake, ndipo muyezowo umadalira batire. M'mita zambiri zotsika mtengo, batire likafooka muyezo umafupika, ndipo chilichonse choyezedwa chimaoneka chachikulu, monga nsalu imachuluka mayadi ngati ndodo yoyezera yadulidwa kunsonga. Choopsa nchakuti manambala amalembedwabe mwaudongo, ndi kadontho pamalo pake, ndipo munthu amakhulupirira chinthu cholembedwa mwaudongo. AVO poyeza mavolt sidalira batire konse. Mphamvu yoyendetsa muvi imaitenga ku chinthu chomwecho chimene ikuyeza. Izi sizitanthauza kuti zakale zimaposa zatsopano masiku onse. Mita yabwino ya manambala, ya batire lamoyo, imaona tinthu timene muvi sungaone, ndipo pa tizipangizo ta m'foni ndiyo yoyenera. Chida chilichonse choyezera chimafuna china chochiyesa. Ndicho chifukwa chake boma linakhazikitsa Malawi Bureau of Standards m'chaka cha 1972, ndipo ina mwa ntchito zake ndiyo kuyendera masikelo a malonda ndi mapampu a mafuta, kuwayerekeza ndi miyezo yosungidwa bwino.

Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza mita yake m'manja. Pambuyo pake anaulula kuti sabata yomweyo anauza mayi wina kuti chaja yake ikutulutsa magetsi opitirira muyezo ndipo idzapsereza foni, mayiyo nataya chaja yabwino, nagula ina. Anali mayi wogulitsa tomato, amene ndalama ya chaja sinali yaing'ono kwa iye.

"Ukamfunefune," anatero agogo ake.

"Ndikamuuza kuti chiyani, agogo?"

"Chimene chinachitika."

Mkuluyu naye anali ndi chake choganizira. Anatsekula mita, nayang'ana kabobini kaja kamene anafuna kukadula. Munthu wina ku England, amene dzina lake silidzadziwika, anakulunga wayayo ndi manja zaka zambiri zapitazo, nauyeza, naudula pamalo oyenera. Ndipo ntchito yakeyo inapirira ulendo wa panyanja, nkhungu ya Zomba, mphemvu ndi mulu wa zitsulo. Chimene chikanaiononga chinali dzanja la munthu woikonda, atagwira chitsulo chowotcherera. Anatsekanso bokosilo, namanga timisomali take tonse.

Owerenga amene angapeze chida chotere, nafuna kuchiukitsa, asamale chinthu chimodzi. Magetsi a m'nyumba ndi a mavolt 230, ndipo amapha. Nthambo zakale zimauma ndi kung'ambika, kotero kuti chala chingakhudze waya wamoyo munthu osadziwa. Mkuluyu anataya nthambo zimene anazipeza ndi mitayo, ngakhale zinali zokongola, nagula zatsopano. Ndiponso m'mawayilesi akanema akale muli zipangizo zosunga magetsi, zimene zimaluma ngakhale pulagi itazulidwa kale. Wophunzira ayambe ndi miyala ya tochi ndi mabatire ang'onoang'ono, ndipo za pakhoma azisiyire amene anaphunzitsidwa.

Mbiri ya mitayo inamveka m'deralo. Tsopano anthu amabwera ndi mabatire a sola ndi a njinga zamoto, makamaka pamene akangana ndi wogulitsa. Mkuluyu salipiritsa, koma ena amasiya nthochi kapena chinangwa pakhonde, ndipo mkazi wake wayamba kunena kuti mbuzi ija yabereka kamwana kamodzi. Loko wa chitseko anagulidwa mwezi wotsatira.

Mdzukulu anapempha kuti aitenge mitayo kukaiika pa benchi lake m'tauni, kuti makasitomala aziiona. Agogo ake anakana. Pabenchipo pali fumbi, pali dzuwa, ndipo pali anzake amene angagunditse nthambo asanayang'ane batani. Anamuuza kuti idzakhala yake tsiku lina, koma kufikira tsikulo azibwera nayo yachikasuyo kuno. Motero Loweruka loyamba la mwezi mnyamata amafika ndi mwala wa tochi watsopano m'thumba. Amaika zida ziwirizo pamodzi patebulo, iye nawerenga muvi, agogo ake nawerenga manambala, pakuti manambala akuluakulu ndiwo amene maso a nkhalamba akuwaonabe bwino. Zimene apeza amazilemba m'kabuku ka sukulu, pamodzi ndi tsiku lake. Akatha, mnyamata amachotsa mwala m'kachipinda ka mabatire, napotokola batani kufika pa mavolt apamwamba, nakulunga mitayo m'chitenje chakale, naiika pamwamba pa kabati, kutali ndi khoma limene limanyowa m'dzinja.